Poto Wopanda Geji

9 Malichi

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira muli bwino. Ine ndinafika bwino ndipo ntchito ndinayambanso Lolemba. Anzanga a ku laibulale anandigwira chanza, ena anandikumbatira, kenaka aliyense anabwerera pamalo pake. Mabuku amene ndinawasiya pa kangolo tsiku limene achimwene anaimba foni kuti amayi atisiya, ndinawapeza pomwepo. Ndinangoyambira pamene ndinalekezera.

Ndasankha kulemba kalata chifukwa pa foni timangokuwirana. Inu mumati, “Ukuti chiyani?” ine n’kubwereza, kenaka tonse timati chabwino, osamvana. Phokoso la boyila ya ku fakitale ija linakutherani makutu, ndiye tiyeni tizilemberana.

Katoni imene yabwera ndi kalatayi muli poto wamagetsi wophika ndi nthunzi. Ndinaganizira zinthu zingapo zoti ndikugulireni, bulangete, nsapato za m’nyumba, wotchi ya manambala akuluakulu. Koma m’mawa umene ndinkanyamuka ndinakuonani mutaima m’khitchini mukutsegula makabati ndi kutsekanso, ngati mlendo wofuna kapu. Zaka zonsezi amayi sanakuloleni ngakhale kukazinga dzira.

Sindikubisirani. Achimwene akufuna mukakhale kwawo, m’chipinda chakumbuyo chija, ndipo m’nyumba yanuyo mulowe anthu a lendi. Ndinawapempha kuti adikire mpaka kumapeto kwa Julayi. Anavomera, koma anati akaona kuti simukudya, nkhani yatha. Inu munandiuza pakhonde paja kuti m’nyumbamo simutuluka. Ndiye ntchito ya potoyu ndi imeneyo.

Yambani ndi zosavuta. Mpunga kapu imodzi, madzi kapu imodzi, mchere pang’ono, mutseke chivindikiro, mudine batani la chithunzi cha mpunga. Nyemba muzitsuke, madzi apitirire pamwamba pake ndi zala ziwiri, muikemo anyezi, tomato ndi mafuta supuni imodzi. Potoyu akamaliza amalira, koma poti simungamumve, muziyang’ana kanyali ka kutsogoloko. Kakachoka pa kufiira n’kukhala kobiriwira, chakudya chapsa.

Za nthunzi sindilembapo. Kungakhale kupanda ulemu kuti ine ndiziphunzitsa munthu amene anayendetsa boyila moyo wake wonse.

Mundiuze mmene mukugonera, ndiponso ngati mankhwala a kuthamanga kwa magazi aja akadalipo.

Ndine mwana wanu,
Mzime

2 Epulo

Mwana wanga Mzime,

Moni. Ine ndili bwino, kupatula bondo. Kalata yako ndinailandira pamodzi ndi makina aja. Zikomo.

Ndisanawayatse ndinayamba ndawayendera, monga kuyenera. Chitsulo chake ndi chabwino. Labala wa m’chivindikiro ndi watsopano, alibe mng’alu. Waya ndi wamfupi, ndiye ndasuntha thebulo. Koma ndapeza kuti chinthu chimodzi chikusowa. Makinawa alibe geji, kawotchi koonetsa mphamvu ya nthunzi. Ndinakhuthula katoni yonse, ndi mapepala omwe, kuganiza kuti mwina inagwa panjira. Kodi kumeneko geji amagulitsa padera? Ufunse. Kabuku kamene kanali m’katimo ndi ka zilembo ngati nyerere, magalasi anga agonja.

Pakadali pano ndikuwayendetsa monga tinkachitira kuntchito. Mpunga ukutuluka wa mitundu itatu: wapansi wakuda, wapamwamba wolimba, wapakati wodyeka. Ndimadya wapakatiwo. Ndizolowera. Boyila nayonso sinandikonde mwezi woyamba.

Anthu asiya kubwera. Azakhali ako okha ndi amene anabwera Lamlungu ndi mbale yovindikira. Anakhala pa mpando wa amayi ako n’kulankhula nthawi yaitali. Ndinaona pakamwa pawo pakuyenda.

Zovala za amayi ako sindinazikhudze. Sopo wawo akadali m’bafa, wayamba kung’ambika.

Mankhwala alipo. Mchimwene wako asade nkhawa. Ndikudya.

Ndine bambo ako

21 Epulo

Mlongo wanga, Mayi Digiri,

Moni kumeneko. Kuno tili bwino. Ana akupereka moni, alamu akonso. Ndikulemba chifukwa pa foni umangoti, “Ndamva, achimwene,” ndiye sindidziwa ngati wamvadi kapena ukungofuna ndidule.

Loweruka ndinapita kwa bambo. Fungo la kupserera linandichingamira pa geti. Kulowa m’khitchini, makoma onyowa, zenera lili mbuu ngati bafa, bambo ali chiimire kutsogolo kwa poto wako uja, manja kumbuyo, maso pa poto.

Ndinakuwa kuti, “Bambo, chikupsereratu ichi!”

Iwo anati, “Kanyali sikanasinthe.”

Ine, “Kanyali kachani? Fungoli simukulimva?”

Iwo, “Mphuno si geji.”

Ndinazula waya ndekha. Sanakwiye, sanaseke. Anangotenga supuni n’kuyamba kusankha nyemba zimene zinali zisanade.

Munthu woiwala poto pamoto ndingamumvetse. Koma munthu woima n’kumayang’ana chakudya chake chikupserera, osasuntha, ameneyo amandiopsa. Lamba wawo aboola bowo lina, ndinaona ndi maso angawa. M’bini muli nyemba zokhazokha. M’kabati muli buledi ndi masamba a tiyi, basi.

Iwe unatumiza poto n’kubwerera ku mabuku ako. Amene amakwecha pansi pa potoyo Loweruka lililonse ndi ine. Sindikudandaula, ndikungonena kuti udziwe. Ndinalonjeza Julayi, ndidikira Julayi. Koma ukapeza kangachepe utumize, ndiyambe kupenta chipinda chija. Denga lake likufunanso munthu.

Mchimwene wako

8 Meyi

Okondedwa Bambo,

Muli bwanji? Bondo likuti bwanji? Kuno kulibe chachilendo.

Za geji ndinakafunsa kusitolo kumene ndinagula potoyo. Wogulitsayo anandiyang’ana n’kunena kuti, “Geji? Mayi, ameneyu ndi poto, si galimoto.” Nditafotokoza za ntchito yanu anasiya kuseka. Akuti makinawo amadziyeza okha m’kati, munthu saona. Ndikudziwa kuti yankho limeneli silikukhutiritsani. Inenso ndinatuluka m’sitolomo ndikumva ngati ndafunsa molakwika.

Achimwene andiuza kuti chakudya chikumapserera. Ndiye ndinagula poto wina wofanana ndi wanuyo kuti ndione pamene pakuvuta. Ndaphika mpunga, nyemba, mphodza, mbatata, nkhuku. Zonse zikupsa bwinobwino. Ndayesa kuchepetsa madzi, ndayesa kuika tomato pansi, ndayesa osatsuka mpunga. Kamodzi kokha ndi pamene zinagwira pansi pang’ono, madzi atachepa. Ndiye ndikuganiza kuti vuto ndi muyezo umene ndinakulemberani. Mwina makapu a amayi ndi aang’ono kuposa anga. Ndinayenera kuganizira zimenezo.

M’katoni iyi muli kapu yoyezera ya mizere yofiira, poto wam’kati wachiwiri kuti wina akamanyowa mukhale ndi wophikira, ndi buku la maphikidwe la zithunzi zikuluzikulu. Ndinasankha pakati pa mabuku ambiri. Ena ndi a anthu ofuna kuphika makeke mu poto, ena ndi a anthu ofuna kuonda. La munthu wophika yekha koyamba sindinalipeze, ndiye maphikidwe asanu ndakulemberani ndekha ndi zilembo zazikulu, ali m’kati mwa chikuto. Paliponse pamene ndinati kapu imodzi ya madzi, muziika ziwiri.

Firiji yanga yadzaza nyemba. Ndimadya nditaima pa sinki. Sindikumva kukoma, sindikumva kuipa, ndimangodziwa kuti zapsa. Mnzanga wina kuntchito anandifunsa ngati ndinalira mokwanira. Ndinati inde. Zoona zake n’zakuti ndikudikirabe, monga mmene munthu amadikirira basi pamalo pamene sakudziwa ngati imaimapo.

Mundiyankhe msanga, ngakhale mizere iwiri.

Mwana wanu,
Mzime

4 Juni

Achimwene,

Ndikhulupirira nonse muli bwino. Alamu ndi ana muwapatse moni. Ya penti ija ndikhulupirira inafika.

Bambo sanandiyankhe kalata ya mwezi watha. Sindikudziwa ngati katoni inafika, kapena ngati ndawatopetsa. Mwina akuona ngati ndikuwatumizira ziwiya m’malo mobwera ndekha. Ngati akuganiza choncho, sindingawatsutse.

Azakhali anandiuza pa foni kuti munapita kunyumba kuja ndi anthu awiri, mwamuna ndi mkazi, ndipo ankayeza mawindo. Julayi sanakwane, achimwene. Ndayamba chiganizo ichi kangapo n’kufufuta, koma ndingofunsa. Kodi changu chimenechi ndi cha bambo, kapena ndi cha lendi? Ngati ndafunsa molakwa mundikhululukire. Ndili kutali, ndimangomva zidutswa.

Mundiuze mmene alili.

Mlongo wanu

17 Juni

Mlongo wanga,

Kalata yako ndinaiwerenga m’galimoto, pakhomo pa chipatala. Unasankha tsiku.

Bambo anagwa Lachiwiri pamzere wolandirira mankhwala. Chizungulire. Sanavulale kwambiri, chigongono chokha. Namwino anandifunsa kuti, “Agogowa akumadya chiyani?” Ine ndinayang’ana bambo, bambo anayang’ana khoma. Namwino uja anati mankhwala amene akumwawo pamimba yopanda kanthu angagwetse ndi mnyamata yemwe. Anandiyang’ana ngati ndine amene ndimawabisira chakudya.

Ndiye wafunsa za lendi. Lendiyo izilowa m’thumba mwa bambo, ine sindikhudzapo. Chimene ine ndipindule ndi munthu wachikulire m’nyumba ya zipinda zitatu ya anthu asanu, ndi ana awiri ogona pabedi limodzi kuti agogo awo apeze malo. Alamu ako ndi amene anayamba kunena kuti tiwatenge, iwe usanaganize n’komwe za poto. Ukafuna kufunsa funso lotere, uzibwera udzafunse uli m’khitchini muja, fungo lija likukulowa m’zovala.

Katoni yako inafika. Poto wachiwiri uja nayenso wada. Buku lili pathebulo, amaikapo kapu ya tiyi.

Titachoka kuchipatala ndinawalembera papepala, poti kukuwa ndatopa nako. Ndinalemba kuti, “Bambo, pa 1 Ogasiti mukubwera kwathu.” Anawerenga, anapinda pepalalo bwinobwino, n’kuliika m’thumba la malaya. Anati, “Chabwino.” Ndinkayembekezera mkangano. Ndinali nditakonzeka, mayankho onse ali pakamwa. Koma iwo chabwino basi. Titafika pa geti anafunsa kuti, “Makina aja ndipita nawo?” Ndinati mupita nawo.

Anthu amene anaona azakhaliwo ndi banja laling’ono, ali ndi ana awiri. Ndi anthu abwino. Mkaziyo anafunsa ngati angasunge maluwa a amayi a pakhonde aja.

Ya penti inafika. Zikomo.

Mchimwene wako

20 Juni

Mwana wanga Mzime,

Moni. Ndachedwa kuyankha chifukwa ndinkafuna ndikulembere nditapambana. Sizinatheke, ndiye ndingolemba. Kalatayi ndipatsira azakhali ako akaponye, poti mchimwene wako wandiletsa kuyenda ndekha.

Kapu yoyezera ndi yabwino. Buku lili ndi zithunzi zokongola, koma zonse ndi za chakudya chitapsa kale. Palibe chithunzi cha munthu ali pa makina.

Ndikufotokozere mmene ndimachitira, mwina uona pamene pakulakwika. Ndimayendera labala. Ndimaika chakudya ndi madzi, makapu awiri monga unanenera. Ndimatseka chivindikiro mpaka chigwire. Ndimaona kuti valavu ya pamwamba ija, yotulukira nthunzi, ndi yotsegula. Kenaka ndimayatsa. Nthunzi imatuluka bwino, mwamphamvu, njira yake ndi yoyera. Ndimaima pomwepo, sindichoka. Madzi owonjezera aja athandiza kuti kupserera kuzichedwa, koma kumabwerabe. Madzi amatha, nyemba zikadali ngati miyala, makina n’kuzima okha. Kanyali kobiriwira kaja sindinakaonepo.

Valavuyo ndimaisiya yotsegula kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Tsiku langa loyamba ku boyila, kapitawo wathu anandigwira khutu n’kundiuza kuti chitsulo chimene sukuona geji yake usachitsekere nthunzi, ngakhale bwana atalamula. Pa shifiti yathu panali mnzathu wina amene anaiwala. Sanabwerenso kuntchito. Ndiye poti wati geji kulibe, ndikuyendetsa motero.

Mwina makinawa amafuna munthu wa masiku ano.

Za nyumba wamva. Ndinakuuza kuti sindituluka, ndikukumbuka. Koma ndaganiza kuti munthu amene mpunga wamukanika asamakweze mawu. Mchimwene wako watopa, ukamuona m’maso. Usakangane naye.

Ndayamba kumanga mabuku a nyimbo a amayi ako. Sindikudziwa kuti ndiwapatse ndani.

Ndine bambo ako

22 Julayi

Okondedwa Bambo,

Kalata yanu ya mu Juni yandipeza lero. Azakhali akuti inali m’chikwama chawo cha kutchalitchi, anaipeza pofuna mpango.

Bambo, valavuyo iyenera kutsekedwa. Mukatseka chivindikiro, muitembenuze mpaka iloze kumbuyo. Nthunzi isatuluke. Imene ikhale m’katiyo ndi imene imaphika. Pakapita kanthawi kachitsulo kakang’ono ka pambali pa valavu kadzakwera kokha, ndipo chivindikiro sichidzatheka kutsegula mpaka mphamvu itatha. Nthunzi ikachuluka, makinawo amachepetsa moto okha. Madzi mubwerere ku kapu imodzi. Palibe china chimene munkalakwitsa.

Ndinaiwerenga kalata yanu nditakhala pa masitepe a kumbuyo kwa laibulale. Nditafika pa mzere wa valavu ndinabwerera n’kuwerenganso. Mu kalata yanga yoyamba ndinalemba za anyezi, za mchere, za kanyali. Chinthu chimodzi chimene chinali chofunika ndinachidumpha dala, poopa kuoneka wamwano. Kenaka ndinaphika nyemba mwezi wathunthu kufunafuna vuto, dzanja langa likutseka valavuyo tsiku lililonse osaganizako.

Ndinawaimbira achimwene pomwepo. Ndinati, “Achimwene, ndi valavu basi. Mutu wawo uli bwinobwino. Akungotsatira lamulo la kuntchito.”

Iwo anati, “Anthu a lendi aja ana awo awalembetsa kale sukulu ya pafupi paja.”

Ndinati tingawapepese.

Anati, “Chabwino, tiwapepese. Ndiye bambo akagwanso m’khitchini muja ali okha, adzawadzutsa ndani? Valavu?”

Ndinafuna kunena kuti munagwa chifukwa cha njala, ndipo njala yatha. Mawuwo ndinali nawo. Koma ndinaganiza za bondo lanu, za makutu, za mtunda umene ndili, ndipo sindinadziwenso ngati ndikumenyera inu kapena poto wanga. Ndinati, “Ndamva, achimwene.”

Alonjeza kuti Loweruka akulemberani za valavu papepala, poti kalatayi ingachedwe. Ndikukupemphani chinthu chimodzi. Muyese kamodzi musanasamuke. Zikapsa, muwaitane achimwene adye. Mwina akaona ndi maso asintha maganizo. Mwina ayi. Sindikudziwa.

Ndinapempha tchuthi kuti ndibwere. Akuti mwezi uno tikusanja mabuku onse, ndidikire Seputembala. Sindinaumirire. Mwina ndikanaumirira akanandilola.

Mwana wanu,
Mzime

14 Ogasiti

Mwana wanga Mzime,

Moni. Ndikulemba ndili kwa mchimwene wako. Chipinda ndi choyera, penti akununkhabe. Zenera limayang’ana kumene amayanika zovala. Kalata yako inafika kunyumba kuja ine nditachoka, mayi wa lendi uja ndi amene anaibweretsa. Akuti maluwa akuthirira.

Mchimwene wako anasunga lonjezo. Anandilembera papepala kuti, “Tsekani valavu,” n’kujambula muvi. Ndinamuuza kuti zimenezo sizichitika. Anakweza mapewa n’kupitiriza kumanga makatoni.

Ndinakhala nalo pepalalo mpaka Lachinayi, nyumba yonse ili m’makatoni, m’khitchini mutatsala thebulo ndi makina. Ndinaika nyemba. Ndinatseka chivindikiro. Dzanja linakana kawiri. Kachitatu ndinatembenuza valavu ija, ndinayatsa, n’kukaima kuseri kwa khoma la pakhomo, mutu wokha uli m’khitchini. Usaseke. Nthunzi inatuluka pang’ono, kenaka kachitsulo kaja kanakwera, n’kukhala zii. Zenera silinachite mbuu. Panalibe choona, panalibe chochita. Ndinaima pamenepo mpaka kanyali kanasanduka kobiriwira.

Nyemba zinapsa. Zofewa mpaka m’kati, msuzi wake wogwirana. Ndinadya mbale ziwiri.

M’mawa mwake mchimwene wako anabwera ndi lole ndi anthu onyamula katundu. Ndinatenthetsa zotsala n’kuwagawira onse m’makapu, poti mbale zinali zitamangidwa. Mmodzi wa onyamulawo anati, “Agogo, mwaphika ndinu? Ndiye mukusamukiranji, tsegulani lesitilanti.” Anzake anaseka. Zimenezi anachita kundibwerezera mokuwa. Mchimwene wako anadya ataima. Anamaliza zonse, anapukuta kapu ndi buledi, anayang’ana makina, anayang’ana ine. Ndinadikira. Iyenso ndikuganiza ankadikira kuti ndinene kanthu. Panja anthu a lendi anali atafika kale ndi matiresi pamwamba pa galimoto, ana awo akuthamanga pabwalo. Ndiye anaika kapu pansi n’kukagwira mutu wa bedi, ine ndinazula waya.

Usamuimbe mlandu. Nawenso usadziimbe. Makinawo ndi abwino.

Kuno ndikudya katatu. Mpongozi wanga wawakonda kwambiri makinawa, akuti amupulumutsa. Amaphikira tsiku lililonse. Amaika chakudya, amatseka valavu ndi chala chimodzi, n’kupita kukachapa. Dzulo anapita mpaka kumsika, makina ali pamoto. Ndinamuuza kuti chitsulo cha nthunzi sachisiya chokha. Anandilembera papepala kuti, “Ndiye muzitiyang’anira ndinu, bambo.” Sindikudziwa ngati ankaseka. Ine ndavomera. Akayatsa ndimapita kukaima pamenepo mpaka kanyali kasinthe, kenaka ndimakamuuza. Amati zikomo.

Mchimwene wako akuti ukufunsa chimene ungabweretse mu Seputembala. Mabuku akwana, mapoto akwana. Koma m’khitchini muno mulibe pokhala, ndipo nyemba zimatenga nthawi, bondo limadandaula. Ukapeza kampando kakafupi, kopanda chotsamira, ubweretse. Kakhale koti kazilowa pansi pa thebulo ndikamaliza, kuti kasamatchinge anthu njira.

Ndine bambo ako